Msika wa Januwale mu FPL: wosewera akasintha timu, tigule, tigulitse kapena tidikire?

Chikwatu_FC

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya msika wa Januwale, pali zitatu zomwe sizikundilowa. Wosewera akachoka timu ina ya Premier League n'kupita ina ya mu ligi yomweyo, mtengo wake mu FPL (Fantasy Premier League, masewero a pa intaneti osankha osewera enieni n'kumapeza mapointi malinga ndi momwe asewerera) umasintha? Nanga ngati uli kale ndi atatu a timu yomwe wapitayo, amakudula mapointi? Chachiwiri, amene wagulitsidwa kunja kwa England timamuchotsa pompopompo kapena tingadikire free transfer (mwayi wosintha wosewera mosadulidwa mapointi)? Chachitatu ndiye chenicheni: obwera kumene aja, ogulidwa ndalama zankhaninkhani, ndi bwino kuwathamangira mtengo usanakwere kapena kuyamba waona kaye? Ena amati ukachedwa udya fumbi, ena amati kuthamanga sikufika. Timve ziti?

Mlonda_wa_Benchi

Achimwene, ziwiri zoyambazo ndi za malamulo chabe, tithane nazo msanga.

Wosewera akasamuka mkati mwa ligi, FPL imangomuvula jezi n'kumuveka ina. Mtengo sukhudzidwa, mapointi omwe adapeza kale sachoka, ndipo malo ake sasintha: wolembedwa ngati wapakati akhala wapakati mpaka sizoni ithe, ngakhale mphunzitsi watsopanoyo azimuseweretsa kutsogolo. Chimene chimasuntha mtengo ndi kuchuluka kwa ogula ndi ogulitsa basi, £0.1m pa usiku umodzi, osapitirira £0.3m pa gameweek (sabata ya masewero mu FPL) imodzi.

Za anayi a timu imodzi, palibe chilango. Tiyerekeze munthu yemwe mu Januwale 2023 anali ndi Saka, Ødegaard ndi White, kuphatikizapo Trossard wa ku Brighton. Trossard atalowa Arsenal, munthu ameneyu akhala ndi anayi ndipo onse azimubweretsera mapointi. Msampha uli pa transfer yotsatira. Sungasinthe wina aliyense popanda kubwerera pa atatu. Ndiye goloboyi wako akavulala sabata imeneyo, ukufunika ma transfer awiri, ndipo ngati waulere unali umodzi, wachiwiriyo wakudyera mapointi 4. N'chifukwa chake ndi nzeru kulowa Januwale utasungako ma free transfer. Kuyambira sizoni ya 2024/25 amalola kusunga mpaka asanu.

Wopita kunja amamupachika chizindikiro chofiira n'kumusiya mutimu mwako choncho, wa ziro sabata iliyonse. Samuchotsa okha. Funso ndi loti wakusungira ndalama zingati. Pamene Cancelo amachoka ku Manchester City kupita ku Bayern Munich pangongole kumapeto kwa Januwale 2023, anali m'gulu la otchinga kumbuyo odula zedi. Ndalama zotero siziyenera kugona pabenchi, umagulitsa sabata yomweyo. Koma akakhala wa £4.0m yemwe ankangodzaza malo, musiyeni, mudzamuchotse tsiku la wildcard (mwayi wosintha osewera ambiri momwe mungafunire mosadulidwa mapointi).

Musanadine, onani mtengo wogulitsira osati wapamsika. Phindu amakupatsa theka, ndipo amadulira m'munsi: wogula pa £7.0m, mtengo n'kufika £7.5m, amagulitsa pa £7.2m. Ukatsika kupitirira pomwe udagulira, kuluza konse n'kwako.

Namba10_Wakale

Pa funso lachitatulo, iwalani kaye ndalama zomwe timu yalipira. FPL silipira mapointi pa dzina. Torres adagulidwa £50m ndi Chelsea mu Januwale 2011, ndipo mu ligi adamwetsa chigoli chimodzi chokha sizoni yonse yotsalayo, cha pa West Ham mu Epulo. Lingard adapita ku West Ham pangongole mu Januwale 2021 asanasewereko ndi masewero amodzi omwe a ligi ku Manchester United sizoni imeneyo, n'kukamwetsa zigoli 9 pa masewero 16. Kusiyana kwa awiriwa sikunali pa luso ayi. Wina adalowa timu yodzaza kale ndi anthu ake, Drogba ndi Anelka ali pomwepo, pamene winayo adapeza malo opanda mwini ndi mphunzitsi wofuna mpira uzidutsa kwa iye.

Choncho choyamba kufunsa ndi mphindi. Asewera 60 kapena ayi? Pansi pa mphindi 60 ndi pointi imodzi, ndipo wotchinga kumbuyo sapatsidwa mapointi 4 a clean sheet (timu ikapanda kugoletsedwa). Choipa kwambiri n'chakuti wobwera kumene nthawi zambiri amamulowetsa kumapeto, mphindi khumi, kuti ochemerera amuone. Mphindi khumi zimenezo zimatseka khomo la auto-sub, pomwe FPL imalowetsa yokha wapabenchi m'malo mwa amene sadasewere n'komwe. Ali pabenchi lako munthu wamapointi 8, koma salowa, poti mlendo uja wapondako kapinga. Bola akadapanda kusewera n'komwe.

Chachiwiri, akagwira ntchito yanji kumeneko. Trossard ku Brighton anali womaliza, mpaka adamwetsa zitatu pa Anfield mu Okutobala 2022. Ku Arsenal, theka lotsalalo, adagoletsa kamodzi kokha mu ligi koma n'kupatsira anzake zigoli 10, zitatu mwa izo m'chigawo choyamba chokha pa Fulham. Munthu yemweyo, mtengo womwewo, koma chigoli cha wapakati ndi mapointi 5 pamene assist ndi 3, komanso malo ankalimbirana ndi Martinelli. Ndiye musatenge manambala a timu yakale n'kuwanyamulira ku yatsopano ngati katundu.

Chachitatu ndi mipira yoima: penate, kona, firikiki. Wobwera akalanda zimenezi, ndiye kuti wakwera yekha n'kutsitsa mnzake nthawi imodzi. Trippier atangofika ku Newcastle mu Januwale 2022 adamwetsa ma firikiki awiri, pa Everton ndi pa Aston Villa, asanathyoke phazi. Wotchinga kumbuyo womenya mipira yoima ndi chuma, chigoli chake ndi mapointi 6.

Ine maganizo anga, muoneni masewero awiri kaye. Kudikirako kukudyerani £0.1m kapena £0.2m. Kuthamanga kungakudyereni zambiri: João Félix adapatsidwa khadi yofiira tsiku lake loyamba lenileni ndi Chelsea, pa Fulham mu Januwale 2023, n'kukhala panja masewero atatu. Amene adamugula usiku wa chilengezo adawononga ma transfer awiri, wolowetsa ndi wotulutsa.

Chikwatu_FC

Zikomo akulu. Koma nanga Bruno Fernandes? Amene adadikira sadadandaule?

MayiKaputeni

Adadandaula pang'ono, koma osati monga anthu amakambira. Bruno adafika ku United kumapeto kwa Januwale 2020 kuchokera ku Sporting, n'kumaliza ndi zigoli 8 ndi ma assist 7 pa masewero 14 a ligi. Zizindikiro zake zidaonekeratu masewero awiri atatu oyamba: ankayamba nthawi zonse, makona anali ake, ndipo penate adaitenga poti Rashford anali atavulala msana. Woona zimenezo n'kugula sabata yachitatu adataya zochepa. Ndiye a Namba10 sakulakwa. Kungoti lamulo la masewero awirilo ndingalifewetse pamene zinthu zitatu zakumana: malo ake alibe womulimbirana naye, wabwera ali pamoto kale kuchokera ku ligi yomwe ikusewera, ndipo masewero akubwerawo ndi ofewa. Aubameyang mu 2018 anali wotero. Sankaloledwa kusewera Europa League ndi Arsenal, choncho panalibe chomupumitsira mu ligi, ndipo adamwetsa 10 pa masewero 13. Lamulo lomwe lidamuletsalo UEFA idalichotsa, koma mfundo yake ikadalipo mwanjira ina: timu imaloledwa kuwonjezera osewera atsopano atatu okha pa mndandanda wa ku Ulaya pakati pa sizoni. Wotsala kunja kwa mndandandawo miyendo yake imasungikira Loweruka.

Komatu nonse mukuyang'ana mlendo yekha. Phindu lalikulu la Januwale nthawi zambiri lili pa otsala ndi pa opezedwa.

Taonani kusinthana kwa Sánchez ndi Mkhitaryan pakati pa Arsenal ndi United mu Januwale 2018, kusinthana kwenikweni kwa munthu ndi munthu, komwe ku England sikuchitikachitika. Maso onse adali pa Sánchez, yemwe sizoni yam'mbuyo adamwetsa 24 mu ligi. Ku United theka lotsalalo adamwetsa ziwiri. Wopwetekeka kwenikweni adali Martial: anali atagoletsa masewero atatu otsatizana mwezi womwewo akusewera kumanzere, Sánchez n'kubwera kudzakhala pamalo pake penipeni. Yemwe anali ndi Martial adayenera kuona zimenezi tsiku la chilengezo, osadikira mtengo uyambe kugwa. Pamene Mkhitaryan, yemwe anthu ankamuona ngati chenji cha malondawo, adapatsira zigoli zitatu tsiku lake loyamba pa Emirates, Arsenal itathibula Everton 5-1.

Zimagwiranso mbali inayo. Jhon Durán atachoka ku Aston Villa kupita ku Al-Nassr mu Januwale 2025, zidaoneka ngati Watkins watsala yekha kutsogolo. Masiku ochepa okha, Rashford ndi Asensio adatulukira pangongole, ndipo pofika Epulo Watkins ankayambira pabenchi masewero ena. Msika usanatsekedwe, timu yomwe yagulitsa ili ndi ndalama m'manja, ndiye musafulumire kuwerengera kuti mpando watsalawo ukhala wopanda munthu.

Wotchinga kumbuyo wamkulu amakwezanso anzake kuposa iye mwini. Van Dijk atalowa Liverpool mu Januwale 2018 pa £75m, kumbuyo kudakhazikika, ndipo amene adadya bwino ndi omwe adagula am'mbali otchipa ngati Robertson, omwe clean sheet yomweyo ankaipeza, kuwonjezapo ma assist. Timu yomwe yataya mtsogoleri wakumbuyo nayo muiike chizindikiro: goloboyi wake m'gulitseni, ndipo omenya kutsogolo omwe akukumana nayo muwaganizire pa ukaputeni (kaputeni mapointi ake amawerengedwa kawiri).

Mlonda_wa_Benchi

Ndiwonjezeko tating'onoting'ono tomwe timagwetsa anthu chaka ndi chaka.

Kulengezedwa si kulembetsedwa. Kuti asewere Loweruka, mapepala ake ayenera kukhala atafika ku Premier League pofika 12 koloko masana a tsiku lantchito lotsogolera masewerowo, ndipo wochokera kunja amadikiranso chilolezo chogwirira ntchito. Wosainidwa Lachisanu usiku, sabata imeneyo ndi woonerera ngati ife. Deadline ya FPL imatseka mphindi 90 masewero oyamba asanayambe, ndiye mverani kaye zomwe mphunzitsi wanena kwa atolankhani musanadine.

Wobwerekedwa kuchokera ku timu ina ya Premier League saloledwa kusewera ndi eni ake. Yang'anani kalendala, muone sabata yomwe akumana nawo, mukhale ndi wapabenchi wosewera.

Chaka cha AFCON kapena Asian Cup, wogulidwa mu Januwale atha kukhala ali ku timu ya dziko lake mpaka Febuluwale. Ali pa mndandanda wa FPL, mtengo wake ulipo, munthu kulibe.

Onaninso masewero otsalira. Wochoka timu yomwe yasewera onse n'kupita yomwe ili ndi awiri oimitsidwa, wapeza ma double gameweek (masewero awiri mu gameweek imodzi) omwe sakadakhala nawo. Apa ndi pomwe kudula mapointi 4 kumatha kubweza, poti masewero owonjezera amodzi, akayamba n'kudutsa mphindi 60, abweza kale awiri asanakhudze mpira wa chigoli.

Za wildcard yachiwiri, yomwe imatseguka pakati pa sizoni: kuiwotcha sabata yoyamba ya Januwale ndi kumanga timu pa mchenga. Madilu ambiri amachitika masiku atatu omaliza. Aubameyang, Giroud, Torres, Cancelo, onsewa adasamuka tsiku lotsekera. Ngati timu yanu siili pamoto weniweni, igwireni mpaka msika utseke ndipo muone mndandanda wa oyamba wa masewero awiri, kenako dinani.

Namba10_Wakale

A MayiKaputeni, pa Martial paja mwandigwira, ndimayenera kuyambira pomwepo. Chikwatu, chitani chonchi: dili iliyonse ikalengezedwa, lembani mayina atatu, wobwerayo, amene akumulanda malo, ndi amene watsala pampando kumene wachokako. Wachiwiriyo ngati muli naye, ndiye woyamba kumugwirira ntchito, mtengo usanayambe kudontha usiku. Wachitatuyo mudikire msika utseke. Wobwerayo angathe kudikira Loweruka liwiri.