Kodi "ukachenjera manja" m'mwambi uja akutanthauza chiyani?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye" ndinaudziwa ndili wamng'ono, koma mbali yachiwiriyi ikundizunguza mutu. Yoyambayo ndi yomveka: ukaona mwana akusewera pafupi ndi moto sufunsa kaye kuti ndi wa yani. Nanga kuchenjera manja n'kutani? Munthu wopatsa timati ndi woolowa manja, womana timati ndi wouma manja. Wochenjera manja ndiye sindinamumvepo kwina kupatula m'mwambiwu. Komanso mawu oti kuchenjera sanunkhira bwino. Akakuuza kuti "ujatu ndi wochenjera" umayamba wagwira kaye thumba lako.

Chandifunsitsa n'choti tinakhala pansi pabanja kukambirana zolipirira fizi mtsikana wina wamasiye yemwe si wachibale. Amayi anatchula mwambiwu kuti atilimbitse mtima. Mng'ono wanga anangoseka n'kuti, "Ndiye kuti tikumuthandiza kuti tidzamudyere?" Tonse tinangoti zii. Kodi makolo ankaphunzitsa chifundo, kapena ankaphunzitsa kuwerengera phindu?

Yankho loyamba

Mwanawe, mwautengera kutali mwambiwu. Kuchenjera sikutanthauza chinyengo chokha. Mukamva munthu akukuwa kuti "chenjera!" galimoto ikubwera, sakukuuzani kuti mube, akuti khalani tcheru. Manja ochenjera ndi manja atcheru, osadikira kupemphedwa. Mwana wabwera kudzasewera ndi anu, mwaona milomo yachita kuuma, dzanja lafika kale pomupatsa asananene kuti ndili ndi njala, chifukwa mwana wa eni sanganene, amachita manyazi. Kudya nayeko kumabwera pambuyo, mwina inu mutakalamba. Ndi mwambi womwe uja woti kupatsa n'kuika, angouveka malaya ena.

Yankho lachiwiri

Bambo, mwafotokoza bwino, koma ine ndili kumbali ya mng'ono wakeyo. Ineyo ndine mwana wa mnzako amene akunenedwayo. Anandiphunzitsa ndi anthu ena, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma chiyambire ntchito, foni ikalira cha kumapeto kwa mwezi mtima umayamba wagunda ndisanaone n'komwe kuti akuimba ndani. Wina anandigulira nsapato kamodzi kokha, ndili sitandade 6, koma nkhani ya nsapatoyo imatuluka nthawi iliyonse akafuna kanthu. "Udya naye" wake ameneyo. Chifundo chikasanduka ngongole yopanda tsiku lothera, wothandizidwa uja sangasunge kalikonse, ndipo ana ake adzafunanso wina wowachenjerera manja.

Yankho lachitatu

Achimwene, zimene mukunenazo zilipodi, koma onani kuti mwambi ukuti udya naye, sukuti umudya. Kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Ine mwambiwu umandikumbutsa za Botswana. Dzikolo linalandira ufulu mu 1966 lili m'gulu la maiko osaukitsitsa, anthu ake osakwana n'komwe miliyoni imodzi. Yunivesite ankagawana ndi Lesotho ndi Swaziland, ndipo likulu lake linali ku Roma, ku Lesotho. Mu 1975 boma la Lesotho linatenga sukuluyo kukhala yakeyake, ophunzira a ku Botswana n'kubwerera kwawo. Chaka chotsatira pulezidenti wa Botswana, Seretse Khama, anapempha mtundu wonse kuti usonkhe, pa mfuwu woti "motho le motho kgomo", kutanthauza kuti munthu aliyense ng'ombe imodzi. Amene analibe ng'ombe anapereka mbuzi, nkhuku, mazira, mbewu. Mu 1982 University of Botswana inakhala yoima payokha.

Tsono taganizani za gogo amene anapereka mazira ake. Ambiri mwa osonkhawo ana awo sanalowemo m'makalasi amenewo. Sanalembe dzina la mwana aliyense kuti adzamulondole pa tsiku la malipiro. Koma mphunzitsi amene anadzaphunzitsa zidzukulu zake, kapena wa boma amene anadzayendetsa zoti kudera kwake kufike madzi, anatuluka m'sukulu yomweyo. Anadya naye osamudziwa nkhope. Dziko laling'ono ndi lomwe limamva msanga phindu lotere, chifukwa mwana mmodzi wophunzira amakhudza anthu ambiri, ndipo mmodzi akatayika dzenje lake limaoneka.

Wofunsa uja

Zikomo nonse. Za manja atcheru zandigwira mtima bambo, sindinaganizepo kuti ndi "chenjera" yemwe uja wa pamsewu. Ndawawerengera amayi ndipo angoti, "Si zomwe ndimanena?" ngakhale sananene choncho tsiku lija.

Achimwene a nsapato, pepani, ndaseka koma ndakumvani. Tagwirizana kuti mtsikanayo tilipira kudzera kusukulu, ndipo asauzidwe kuti wasonkha zingati ndi ndani. Mng'ono wanga wasonkha nawo, akung'ung'udza.

Chatsala chimodzi. Alipo amene anamvapo agogo awo akunena "kuchenjera manja" pa nkhani ina, osati m'mwambiwu? Ndikufuna kudziwa ngati anali mawu a tsiku ndi tsiku amene anangofa, kapena anabadwira momwemu.