Madzi a mvula akugumula mipanda kunsi kwa phiri la Dedza, tichite bwanji?

Funso: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Dera lathu nyumba zathithikana, mabwalo ambiri ndi a simenti. Mvula ikagwa, madzi onse amathamangira m'kanjira kamodzi, pano kasanduka chigwembe ndipo kakudya maziko a mipanda. Denga ndi la malata, masikweyamita 80. Tiyambire pati mvula ya Januwale isanatipeze?

Yankho 1: Bambo, yambani ndi masamu. Mvula ya milimita imodzi pa sikweyamita imodzi ndi lita imodzi. Ikagwa ya mamilimita 30, denga lanulo likhuthula malita 2,400, ndiwo madiramu 12. Diramu limodzi pansi pa gata lidzadza m'mphindi zochepa. Ikani magata ndi thanki ngati mungathe, koma konzeranitu kopita madzi osefukira.

Yankho 2: Apite m'dzenje lomwetsa nthaka. Musanavutike, yesani dothi: kumbani kadzenje kakuya masentimita 30, mudzazemo madzi kawiri. Akakhalamobe mpaka mawa, ndi dongo, pamenepo sipoyenera. Akalowa, kumbani mita imodzi ndi theka mbali zonse, kuya mita imodzi, mudzaze miyala ikuluikulu pansi, kwale pamwamba. Dziwani kuti miyala imadya malo, madzi amangotenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Litalikirane ndi maziko mamita 5, lisayandikire chimbudzi, chingatitimire. Ambiri amaiwala kadzenje kotsekereza matope patsogolo pake. Popanda iko, nyengo imodzi yokha dzenje latsekeka.

Yankho 3: Achimwene anena bwino, koma Dedza ndi potsetsereka. Dzenje likakhala kumtunda kwa nyumba ya aneba, chinyontho chimatulukira m'khoma mwawo. Pamalo otero dzalani udzu wa vetiva mopingasa, mbande kutalikirana masentimita 10 mpaka 15, osasiya mpata, chifukwa madzi akapeza kampata amakumba pomwepo. Chaka choyamba mizu imakhala isanagwire, choncho tchingani ndi mzere wa miyala. M'chigwembemo yalani timipanda ta miyala tatifupi, pakati potsika kuposa m'mbali, kuti madzi asalambalale. Ndipo yambirani kumtunda, mogwirizana ndi amfumu.

Wofunsa: Zikomo. Nanga udzudzu?

Yankho 2: Umafuna madzi odikha pafupifupi sabata kuti uswane. Anu azilowa pansi masiku awiri asanathe. Thanki ivindikireni, polowera madzi muike sefa.