Kodi chimbale cha Following n'choyenera kugula?

Wokonda Zakale:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Achimwene anga amene amakhala ku America akufuna kundigulira chimbale cha filimu ya Christopher Nolan yotchedwa Following, ya 1998, chimene kampani ya Criterion inatulutsa mu 2012. Ndinaionerapo kamodzi pa foni, koma sindinamvetse chimene anthu osonkhanitsa zimbale amaikondera, popeza ndi yaifupi, zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, ndiponso mulibe katswiri aliyense wodziwika.

Mlonda wa Usiku:
Bambo, zimene mukuziyesa zofookazo ndi zomwe ife timaifunira. Nolan anaijambula ku London pa filimu ya 16mm ndi ndalama pafupifupi madola 6,000, ndipo chifukwa chakuti anzakewo anali pa ntchito mkati mwa sabata, ankajambula Loweruka lokhalokha kwa pafupifupi chaka chathunthu. Filimu yojambulirapo inali yodula, choncho ankayeserera kwambiri kuti chigawo chilichonse achijambule kamodzi kapena kawiri basi. Nkhani yake ndi ya mnyamata wosowa ntchito, wolakalaka kulemba mabuku, amene amangotsatira anthu osawadziwa mumsewu mpaka mmodzi wa iwo, mbava yovala suti yotchedwa Cobb, anamutulukira n'kuyamba kumuphunzitsa kuthyola nyumba. Pa foni nkhope za m'zipinda zamdimazo zimangoti bii, pamene pa chimbale zimaoneka bwinobwino.

Mayi wa Mabuku:
Ine chimene chinandikopa n'chakuti chimbalecho chili ndi filimuyo pawiri. Nolan anasokoneza dala ndondomeko ya nthawi, moti woonera amazindikira pamene nkhani yafika poyang'ana mnyamatayo: apa tsitsi ndi lalitali, apa wameta ndipo wavala suti, apa nkhope yatupa ndi zibakera. Pa chimbale anaikaponso ina yosanjidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mukaonera zonse ziwiri mumaona kuti msampha wa Cobb unatcheredwa kalekale. Dzina lomweli la Cobb, Nolan analigwiritsanso ntchito mu filimu yake ya Inception mu 2010, ngakhale kuti anthuwo ndi osiyana.

Wa Kumpoto:
Zonsezi n'zoona, koma musanawavomere achimwene anuwo, yang'anani kaye makina anu. Zimbale za Blu-ray za Criterion zogulitsidwa ku America zimatsekedwa kuti zizionereka pa makina a chigawo chotchedwa Region A okha, pamene makina ambiri ogulitsidwa kuno ku Africa ndi a Region B. Ine ndinadikira changa miyezi iwiri, ndipo nditachilowetsa panangotuluka uthenga wokana, moti mpaka lero chili pashelefu chifukwa sindinapeze makina osasankha chigawo.