Akhwangwala a m'mitengo ya kwa agogo ku Chilomoni

Azakhali aNaphiri: Moni nonse. Ndagona kwa amayi masiku atatu, ndipo zimene ndaona sizingadikire mpaka Khirisimasi. Chiyambire kuzizira mu Juni, akhwangwala akumasonkhana madzulo aliwonse m'mitengo itatu ya bulugama ija, ndipo m'mawa zitosi zimakhala zili mbuu pa malata, pa chingwe cha zovala ndi pa thandala la mbale. Mwa anapiye 14 amene anaswa mwezi watha, atsala 5 okha.

Chifundo: Pepani Azakhali. Mnzanga wandiuza kuti tisakanize tameki ndi mkute, tiwatayire pa dzala, nkhani ithe.

Amalume a Limbani: Ayi mwanawe, chimenecho ndikukaniratu. Tameki ndi mankhwala oopsa kwambiri, ndipo sasankha wom'pha. Mkute umenewo ungatoledwe ndi galu wa agogo, nkhuku zomwe tikufuna kupulumutsazo, ngakhalenso ana a oyandikana nawo amene amasewera pabwalopo. Komanso akuluakulu sananame ponena kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba: zingafe ziwiri kapena zitatu, koma zotsalazo zichenjera n'kumabwerabe.

Tamandani (Leeds): Ndikugwirizana ndi Amalume. Ofufuza a ku University of Washington anapeza kuti akhwangwala amakumbukira nkhope ya munthu amene anawavutitsa kwa zaka zingapo, choncho tisaziyese mbalame zopusa. Zimagona pamene pali mitengo yaitali ya masamba othithikana, ndiponso pamene chakudya chili pafupi. Kodi dzala lija likadali losatseka?

Azakhali aNaphiri: Likadali pululu, ndipo makoko, mitu ya nsomba ndi zotsala za nsima zonse zimathera mmenemo. Ndikuona kuti tikuziitana tokha.

Amalume a Limbani: Ndiye tiyambire pamenepo. Dzalalo likwiriridwe, tikumbe lina kutali ndi khitchini, likhale ndi chivundikiro cha lata. Anapiye tiwamangire kakhola ka waya kotseka pamwamba pomwe. Mitengoyo tisaidule, chifukwa anadzala ndi malemu bambo athu ndipo imatchinga mphepo ya chiperoni; tingoisadza nthambi zimene zaweramira padenga, ndipo tichite mwezi uno zisanayambe kumanga zisa.

Chifundo: Ndamva Amalume, za mankhwala ndazisiya. Ine ndi Yamikani tizipita dzuwa likamalowa kukamenya zitini pansi pa mitengoyo kwa sabata yathunthu, kuti zisapeze mpata wokhazikika.

Tamandani (Leeds): Mukatero muyambe mwawauza oyandikana nawo, chifukwa phokosolo liwakhudza, ndipo mbalamezo zikhoza kusamukira m'mitengo yawo. Ndalama ya waya ndi ya wosadza mitengo nditumiza Lachisanu pa Airtel Money ya Azakhali.

Azakhali aNaphiri: Zikomo mwanangu. Ndawafotokozera amayi, ndipo avomera zonse, koma apempha kuti wosadzayo asakhudze mtengo wa mango uli kuseri kwa bafa. Loweruka tikumane 7 koloko m'mawa, aliyense abwere ndi khasu.