Ntchito ku Lilongwe zikulowera kuti? Ndikufuna kubwerera

Tchona_wa_Joni

Abale anga a ku Lilongwe ndithandizeni maganizo. Ndili kuno ku Joni, ndimagwira ya zamagetsi komanso kuika sola m'manyumba, koma nkhani ya mapepala yafika povuta ndipo mayi akunyumba akuti basi tizipita ana akaphunzire kwathu. Kapuloti tili nako ku Area 49. Funso langa ndi loti tauni imeneyi ikulowera kuti pa nkhani ya ndalama ndi ntchito? Pa Facebook ndimangoona zithunzi za msewu wa Kenyatta atautambasula ndi intachenji ya pa 18, zooneka bwino ndithu, koma mlamu wanga akaimba foni ndi madandaulo okhaokha. Mng'ono wanga naye anamaliza digiri ku Bunda angokhala pakhomo. Ndibwere kudzasaka ntchito kapena ndidzayambe zanga?

NaPhiri_wa_25

Achimwene, misewuyo ndi yoona, mlamu wanunso sakunama. Chomwe muyenera kumvetsa nchoti ndalama za Lilongwe kuyambira pomwe likulu linachoka ku Zomba mu 1975 zimatuluka pa mipope itatu, boma ku Capital Hill, mabungwe ndi ofesi za akazembe, kenako fodya ku Kanengo. Ena tonsefe, wa saluni, wa minibasi, landilodi, wogulitsa tomato, timangodya zomwe zadontha pamenepo.

Nde taonani mmene zilili pano. Boma limalemba ndithu aphunzitsi, anamwino, apolisi koma akaitana intaviyu anthu amadzadza bwalo lonse kulimbirana malo ochepa, ndipo malipiro akewo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023 anangosungunuka. Mabungwe ndi omwe ankalipira bwino, koma America itaimitsa thandizo la USAID kumayambiriro kwa 2025 anthu ambiri anawapatsa makalata, madalaivala, a maakaunti, a m'mapulojekiti a zaumoyo, ndipo munthu mmodzi wa ku bungwe akachotsedwa amagwa naye wantchito wa m'nyumba, mlonda, wa m'dimba, mpaka landilodi wa ku 47 amene ankalandira renti ya miyezi itatu pakamodzi. Ine ndimasoka, makasitomala anga ambiri anali amayi a m'maofesi amenewa, pano akubweretsa zovala zakale kuti ndingochepetsa kapena kuika zipi.

Pomwe anthu akubwerabe tsiku ndi tsiku. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda uno, kuposa Blantyre yomwe inali ndi 800,000, ndipo kuchokera nthawi imeneyo Chinsapo, Mtandire, Kauma, Area 36 zangofutukuka. Mnyamata akatsika basi kuchokera ku Dedza kapena ku Dowa ntchito yake yoyamba ndi kabaza, ganyu ya pa zomanga kapena kukhala pa ambulera ya Airtel Money ndi Mpamba. Ya pa ofesi muiwale kaye.

Mjomba_Kanengo

Mayi NaPhiri mwafotokoza bwino koma Kanengo musaiike m'manda msanga. Fodya akadalipo, okushoni ikatsegula cha mu April malole amachita mzere ndipo makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI amatenga anthu, vuto ndi loti zambiri ndi za sizoni, ikatha mumabwerera kunyumba kukadikira chaka chamawa. Chomwe chikusintha ndi choti soya ndi mtedza zayamba kulowa mwamphamvu, mafakitale oyenga mafuta ophikira, opanga chakudya cha nkhuku, osenda ndi kusankha mtedza. Mng'ono wanu wa ku Bundayo akuyang'ana kolakwika ngati akudikira tebulo ku Capital Hill, apite kumene amagula mbewu, kolimitsa alimi pa kontilakiti, ngakhale atamutumiza ku Mchinji kapena ku Kasungu avomere.

Chomwe chikupha Kanengo ndi foleksi. Dola ku banki amalemba mtengo wina koma kuipeza ayi, pa msika wakuda mumaigula mokwera kwambiri, nde fakitale makina akathyoka sipeya imatenga miyezi, dizilo naye pena mizere, mashifiti amadulidwa. Ndi chifukwa chake munthu wodziwa kukonza mota yamagetsi, kuwotcherera, kukonza mafiriji, pano ndi dolo kuposa kale, poti chomwe kale ankataya nkugula chatsopano lero akukonzetsa.

Chisale_Sola

Akulu, ine ndili mu geni yanu yomweyo nde ndikuuzeni mosabisa. Ntchito yolembedwa musayembekezere, malipiro ake mukawasintha kupita ku ma randi mudzalira, ganizani kuti malipiro otsikitsitsa omwe boma linalamula olemba ntchito mu 2024 anali K90,000 pa mwezi ndipo mabwana ambiri amayambira pomwepo ngakhale uli ndi pepala la TEVETA. Koma ntchito ya manja ilipo yambiri heve. Anthu akumanga ku 49, ku Airwing, njira ya ku Bunda, njira ya ku eyapoti, malo ena mapolo a ESCOM sanafike ndipo komwe anafikako magetsi amazimazima, aliyense amene ali ndi kangachepe akufuna sola ndi pampu ya pa mjigo. Amene akumangawo ambiri ndi anzanu omwe a ku Joni ndi ku UK, ndalama zimabwera pa foni.

Msampha uli pa kotesheni. Ine ndinapatsa bambo wina mtengo wa mabatire ndi invetala, anandipatsa dipoziti, pomwe ndimapita ku shopu mtengo unali utakwera kale ndipo phindu lonse linathera pomwepo, bambowo osamva zoonjezera. Pano ndimalemba leba yokha, katundu kagulani nokha kapena tipitire limodzi tsiku lomwelo. Nde inu zida zanu zonse bwerani nazo, ma drill, tesita, makwerero, musagulitse kalikonse kumeneko poganiza kuti mudzagula kuno.

Tchona_wa_Joni

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Nanga za mgodi wa ku Kasiya zomwe ndimamvazi, si pamene padzatuluke ntchito zenizeni?

Mjomba_Kanengo

Mgodiwo ndi nkhani yoona, kuli miyala ya rutile ndi graphite, kampani yake ndi Sovereign Metals ya ku Australia ndipo kampani ina yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inaikamo ndalama mu 2023. Ukadzayamba udzafuna amagetsi, owotcherera, oyendetsa makina, komanso njanji yopita ku Nacala idzapeza katundu. Koma migodi imatenga zaka achimwene, ndipo ya masiku ano ndi makina kwambiri, singameze anyamata onse a kabaza a mu tauni muno. Muziitchera khutu koma bajeti ya ana a sukulu musaiwerengere pamenepo.

NaPhiri_wa_25

Kkkk a Mjomba za migodi tinayamba kumva kalekale. Ine langa ndi limodzi achimwene, musasamuke banja lonse tsiku limodzi. Bwerani kaye nokha nthawi ya chilimwe pomwe anthu amamanga, mugwire ntchito ziwiri zitatu muone mmene makasitomala akulipirira, poti kuno ngongole ndi matenda, munthu nyumba yosanja koma leba akupatsani pang'onopang'ono mpaka mutatopa kuimba foni. Akaunti ya ma randi musatseke. Ndipo mng'ono wanuyo mutengeni azikugwirirani makwerero podikira za soyazo, sola ya pampu yothirira akaidziwa ndi digiri yake ya ulimiyo alimi a m'madimba a ku Mitundu ndi ku Nathenje adzamufuna yekha.