Nkhani ya makompuresa ithe tisanagawane

Mlembi (a Nabanda): Mwaswera bwanji nonse a banki m'khonde yathu. Tatsala ndi masabata atatu kuti tigawane, koma buku ndi ndalama sizikugwirizana. A Chisale anatenga ndalama zokwana masheya 40, abweza zokwana 26. Zatsala 14, ndiye kuwonjezera chiwongoladzanja cha 20 peresenti, chomwe ndi masheya 8, zonse 22. Iwo akuti si ngongole. A Chisale, fotokozani nokha anthu amve.

A Chisale: Zikomo amlembi. Ine sindinabwereke. Amsungichuma ndiwo anandiimbira kuti ali ndi ndalama pafoni zomwe anthu abweza pakati pa sabata, zangokhala. Ndinawauza kuti pali munthu akugulitsa makompuresa 14 a maeyakoni akufa, makina oziziritsa m'nyumba aja, ndipo m'kati mwake muli kopa. Anati tengani, phindu mugawana ndi gulu pakati. Apampando anavomera. Lero zavuta ndiye yasanduka ngongole yanga ndekha?

Amake Tadala: Gulu liti limene linagawana nanu pakati? Ine ndikumva lero.

A Nangondo: Inenso.

Msungichuma (a Naphiri): Musandiike mawu m'kamwa a Chisale. Ndinati mukapindula mudzatikumbukire. Za pakati sindinanene.

A Chisale: Uthenga wanu ndikadali nawo mayi. Ndiutumize pano?

Amake Tadala: Tumizani. Komanso mutiuze kuti zitsulo za masheya 40 zinabweza bwanji 26. Malisiti ali kuti?

A Chisale: Malisiti alipo awiri. Onse 14 pasikelo anakwana makilogalamu 190. Ogula zitsulo zakutha anati akagula osatsegula, mtengo wake ungoposa pang'ono wa chitsulo wamba, komanso achotsera kulemera kwa oyilo. Ndinaona kuti tiluza. Ndinabwereka galayinda nkudula 10. Asanu ndi imodzi anali ndi kopa, yense pamodzi makilogalamu 5. Anayi aja waya wake unali wofiira bwinobwino, koma atapala ndi mpeni m'kati munatuluka moyera. Aluminiyamu. Anayi ena ali kunyumba, sindinawakhudze, mtima unandithera.

A Nangondo: Chikomekome cha mkuyu.

A Mbewe: Ndiloleni ndilowepo, poti mafiriji ndi maeyakoni ndiye ntchito yanga, ngakhale palibe anandifunsa ndalama zisanatuluke. Achimwene a Chisale sakunama pa za waya. Kompuresa ndi chigoba cha chitsulo chowotcherera, m'kati muli mota ndi pampu. Pafupifupi kulemera konse kuja ndi chitsulo, kopa ali mu waya wokulungidwa pamota basi. Mafakitale ena amaika waya wa aluminiyamu wopaka vanishi, ndipo mtundu wake sungausiyanitse ndi maso. Maginito sathandizanso, chifukwa sagwira kopa ngakhale aluminiyamu. Umadziwa utadula nkupala. Ndiye aluminiyamu amapweteka kawiri, mtengo wake ndi wotsika, komanso ndi wopepuka kuposa katatu poyerekeza ndi kopa, pasikelo saoneka. Kopa wa m'mota nayenso samugula ngati wa giledi yoyamba chifukwa cha vanishiyo.

Koma achimwene, apa munalakwitsa. Munthu amene wazolowera malonda amenewa sagula makompuresa powerengera kopa amene sanamuone. Amagula pa mtengo woti ngakhale atagulitsa osatsegula asaluze, kopa akapezeka ndi mwayi chabe. Inu munalipira ngati onse 14 ndi a kopa. Onjezanipo madisiki a galayinda, magetsi ndi thiransipoti. Kuluza kunayamba tsiku logula.

A Chisale: Madisiki ndinagula ndi ndalama zanga. Masiku atatu ndikudula, manja onse matuza. Zimenezo sindinawerengere gulu.

Amake Tadala: Matuza sitigawana bambo. Ine masheya anga ndimasonkha movutikira, ndipo mwezi womwewo ndinapempha ngongole nkuuzidwa kuti m'bokosi mulibe. Kani ndalama zinali pafoni, kudikira zitsulo?

Wapampando (a Gondwe): Tiyeni tiyankhulane mwaulemu. Cholinga chinali chabwino, timafuna kuti ndalama zisagone.

A Nangondo: Apampando, ulemu ulipo. Koma bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, kuti ndalama isatuluke anthu asakuona. Kiyi imodzi ili ndi ine. Palibe anandiitana. Ndalama zobwera pafoni zimayenera kufika pamsonkhano, ziwerengedwe pamaso pa onse. Amlembi, a Chisale ali ndi masheya angati?

Mlembi (a Nabanda): 10.

A Nangondo: Malamulo athu amati munthu abwereke mosapitirira katatu pa zomwe wasunga. Katatu pa 10 ndi 30. Anatenga bwanji 40? Ngati inali ngongole, amene anapereka anaphwanya lamulo. Ngati inali bizinesi ya gulu, gulu silinafunsidwe. Amsungichuma, sankhanipo chimodzi.

Mlembi (a Nabanda): Nanenso ndivomere. Mawu oti ngongole ndinalemba patapita sabata, nditauzidwa ndi amsungichuma. A Chisale sanasayine.

A Chisale: Mwamva nokha. Uthenga uja ndi uwu, ndatumiza.

Amake Tadala: Ndawerenga. Palembedwa kuti "phindu theka lanu theka lathu". Lathu ndani, a Naphiri? Gulu, kapena inu ndi apampando?

Msungichuma (a Naphiri): Ndimatanthauza gulu. Mulungu ndi mboni. Zaka zinayi ndasunga ndalama zanu, sinasowepo ngakhale imodzi.

Agogo a Nasibeko: Mwana wanga, palibe wakutcha wakuba. Ine ndalemberedwa ndi mdzukulu, ndiye ndinena mwachidule. Zikanayenda bwino mukanabwera atatu pamsonkhano tikukuomberani m'manja. Zavuta, bweraninso atatu. Chiwongoladzanja chichoke, chifukwa munthu sanasayine ngongole. Koma masheya 14 abwerere onse, ndipo asachotsedwe kwa ife amene sitinafunsidwe.

A Chisale: Za chiwongoladzanja ndathokoza agogo. Theka la 14 ndivomera, 7. Theka linalo aone eni mawu oti lathu.

Wapampando (a Gondwe): Ine ndinangovomera pafoni, ndalama sindinaigwire.

A Nangondo: Mukanakana sikanatuluka.

A Mbewe: Tisanagawe ngongoleyi, anayi otsala aja ali ndi mtengo. A Chisale, onse ndi ochotsedwa kale?

A Chisale: Atatu ndi ochotsedwa. Imodzi ikadali m'chimake, mapaipi osadula. Palembedwa R22.

A Mbewe: Imeneyo musaiyandikire ndi galayinda kapena moto. Ikhoza kukhala ndi gasi wopanikizika, ndipo R22 akakhudza lawi la moto amatulutsa utsi wapoizoni. Ndi gasi wowononga ozoni, mpweya wa kumwamba wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo gasiyu mayiko akumuthetsa pang'onopang'ono potsatira pangano la ku Montreal la 1987, choncho samangotayira m'mwamba. Ndibwera ndi makina ndipopere m'silinda. Mapaipi ake ndi a kopa, amagulitsidwa paokha. Atatuwo tiboole, oyilo akhe mu chigubu usiku wonse, kenako tidule potsata mzere wowotcherera. Sindilipiritsa, koma madisiki sindigula.

Amake Tadala: Pogulitsa ndipita nawo. Sikelo ndikaione ndi maso anga.

Mlembi (a Nabanda): Ndalemba motere. Za anayiwo zilowa m'bokosi. Zotsala pa 14 a Chisale alipira theka, a Naphiri ndi a Gondwe agawana theka linalo, zichotsedwa pa masheya awo tsiku logawana. Loweruka tidzakweza manja.

Msungichuma (a Naphiri): Ndavomera. Koma chaka chamawa ndalama za gulu zisadzabwerenso pa nambala yanga.

Wapampando (a Gondwe): Ndidzayankhula Loweruka.

A Mbewe: A Chisale, Lachinayi m'mawa. Konzani chigubu ndi madisiki awiri.