DVD drive yakakamira pa PIO, ikukana DMA

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndimabena ma CD a makwaya pa kompyuta yakale ya Windows XP. DVD drive yake ya IDE (mtundu wakale wolumikiza ndi chingwe chophwathalala) yayamba kuchedwa kwambiri, nyimbo zikumadukaduka, mausi nayonso kumaima ndikamabena.

Mu Device Manager (pomwe Windows imaonetsa zida za kompyuta), pa Secondary IDE Channel (pomwe drive yalumikizidwa), ndinasankha "DMA if available" (DMA ndi njira yachangu yotumizira deta) koma pansi pake pakulembedwabe "PIO Mode" (njira yochedwa), pomwe kale pamakhala Ultra DMA Mode 2. Ndikukayikira chimbale chokalikakalika chomwe kasitomala anabweretsa, poti XP ikalephera kuwerenga kangapo imadzitsitsira yokha ku PIO.

Channel ija ndinaichotsa n'kuyatsanso kompyuta, DMA inabwerera koma sinakhalitse. Chingwe cha drive ndasintha, jumper (kapulasitiki kakuseri kwa drive) ili pa master, mu BIOS (masetingi oyambira a kompyuta) zili pa Auto.

Kodi ndikafufuta mzere wa MasterIdDataChecksum mu registry (momwe Windows imasungira masetingi ake) zitheka, kapena drive yatha basi ndikasake ina? Chonde ndithandizeni, oda ya mpingo ikundidikira.